Funso la a Pandu

A Pandu, nkhalamba ya m'mudzi wa asodzi wa Tumbe, sankapereka moni. Bwato la otola majongoo, tizilombo tonga nkhaka ta pansi pa nyanja, likangokocheza, ankayang'ana munthu m'maso n'kufunsa mokweza: "Wakodza?"

Ankafunsa pamaso pa amayi ogula nsomba, pakhomo pa mzikiti, ngakhale pamaliro. Akuti anafunsapo ndi shehe, munthu wosadziwa n'kusambira komwe.

"Mzee, mulibe funso lina?" anthu ankatero.

"Lilipo. Mapazi ukuwamva?" Apo ankasolola munga wa nsomba umene unkakhala m'chipewa chawo.

Iwonso analowapo pansi, botolo la mpweya lili kumsana. Ankati wotuluka m'madzi mofulumira magazi ake amachita thovu ngati soda, ndipo thovulo likakhala mumsana, woyamba kuulula ndi mkodzo.

Vuai, mnyamata wotola majongoo, ndiye ankawaseka koposa. Dzina loti Bwana Chimbudzi anawapatsa ndi iye. Tsiku limene anatuluka mothamanga mpweya utamuthera, pagombe panali bambo a mtsikana amene ankamufunsira.

"Wakodza?"

"Ndakodza, Mzee. Kawiri."

"Kuti?"

"M'nyanja. Ndikakusonyezeni malo ake?"

Anthu anaseka, apongozi nawonso. Koma miyendo ya Vuai inali itayamba dzanzi, chikhodzodzo chitauma ngati kokonati, osatuluka ngakhale kadontho. Vuai anapita kwawo akumwetulira.

M'mawa mwake a Pandu anafika osaitanidwa. Anamupeza ali pamphasa, namubaya chala chakuphazi ndi munga uja. Vuai sanamve kanthu.

"Kawiri," anatero a Pandu.

Anamunyamula pabwato mpaka kuchipatala cha pachilumba cha Unguja. Kumeneko anamutsekera m'thanki yachitsulo, mopanikiza ngati pansi pa nyanja, akupuma okosijeni kwa maola asanu. Dokotala anati akanabwera dzulo lake. A Pandu anakhala pakhomo masiku atatu, akufunsa funso lawo kwa namwino aliyense wodutsa. Vuai atayankha kuti "Pang'ono," nkhalambayo inavina m'khonde mpaka chipewa chinagwa.

Mwendo wamanja unabwerera. Wamanzere amaukoka mpaka lero.

A Pandu anamwalira chaka chatha, Vuai asanawapepese. Ankangoti mawa. Tsopano mabwato amakocheza mwaulemu, anthu n'kupatsana moni wabwinobwino, ndipo gombe lili zii.

Sabata yatha Faki, bambo wa ana anayi, anatsika m'bwato akusisita msana. Vuai anamuona. Anayandikira n'kunong'ona funso lija.

"Mwati chiyani, achimwene?" anafunsa Faki.

Amayi ogula nsomba anasiya kukangana mitengo. Mkazi wa Vuai anali pomwepo, dengu lili pamutu. Vuai anayang'ana phazi lake lamanzere ndi mzere umene linakoka pamchenga. Kenako anakweza mawu, gombe lonse likumva.

"Wakodza?"

Palibe anaseka. Faki anaweramitsa mutu.

"Ayi," anatero.