Khutu Langa ndi Makina Ounika Konkire

Amene akuti ndikunama anyamuke pabenchipo, akafunse pa Lirangwe ngati kunabadwapo mmisiri wina womva chitsulo chili m'kati mwa konkire kuposa ine Layisoni. Ine ndinkangogogoda kamodzi ndi hamala, kutchera khutu, basi ndakuuzani kuti zitsulo zilimo zingati, n'zonenepa bwanji, chayamba dzimbiri n'chiti, mpaka dzina la amene anachipinda. Mukumva? Tsiku lina ndili pa Lirangwe pomwepa ndinaponda pansi ndi chidendene n'kumva khoma la sitolo ina likung'aluka ku Chileka, ndinakwera minibasi kukawachenjeza, eni ake n'kumandiseka, ndiye ndinaloza pakona kuti muno muli nyerere imene munaitsekera chaka chomanga, ikutsokomola fumbi la simenti, ndipo ataboola inatulukadi, imvi zili mbuu, ikutsimphina.

Ndiye kunabwera mainjiniya, ana obadwa dzulodzuloli, kudzayeza mlatho umene ndinamanga ndili folomani pa kamtsinje kena ku Chigaru. Ananyamula kamakina kamatayala kokankha pa konkire, koonetsa zam'kati pagalasi ngati mmene amaunikira mayi woyembekezera kuchipatala. Abwana anga anandinong'oneza kuti kakapeza cholakwa, ntchito yanga yathera pompo. Zinandiwawa. Zaka makumi atatu ndikudya fumbi, lero andiweruze ndi choseweretsa cha mabatire?

Ndinati ndiwachititse manyazi. Pamaso pa onse, ndisanagogode n'komwe, ndinaloza chipilala chapakati.

"Musadzivutitse, mabwana. Umo mukusowa zitsulo zisanu ndi chimodzi, mbali ya kum'mawa."

Anakankha kamakina kawoko masiku awiri, thukuta lili kamukamu, mpaka kanavomereza: zisanu ndi chimodzi, kum'mawa. Mukumva? Ine kungoloza, iwo masiku awiri. Mukuyesa anandiombera m'manja? Mayi wina wamagalasi, mkulu wa mainjiniyawo, anangofunsa mofatsa kuti ndadziwa bwanji osagogoda, ndipo dzuwa lisanapendeke abwana anga anali atandivula chipewa cha ntchito. Lero ndimaphwanya miyala m'mbali mwa msewu, kamakinako kakuyenda pa galimoto yoziziritsa m'kati.

Dziko lino silifuna anthu aluso, ndikuuzeni. Zoti zitsulo zisanu ndi chimodzizo n'zimene zatchinga mawindo a nyumba yanga, imeneyo ndi nkhani ina, achimwene. Ngakhale akanazichotsa munthu wina, ine ndikanamvabe.