Bolasha ndi thandala la apongozi

Nkhani iyi ndimainena nkhope ili pansi. Koma poti theka la mudzi wathu wa Meluluca linaona ndi maso, bola muimve kwa mwiniwakene.

Mwana wanga Luziya, wa zaka zinayi, ali ndi galu wake dzina lake Bolasha. Amamugawira mbatata, amamuuza ndi zinsinsi zomwe. Vuto linali limodzi: Bolasha ankaba usipa woyanika pathandala la apongozi anga, ndipo pamudzipo ine ndine mkamwini.

Tsiku lina apongozi anagamula. "Galuyu akwere shapa, galimoto ya matola ija. Akalondere chimanga kwa achimwene anga ku Maniamba, anyani asamabe."

Luziya analira mpaka mawu kutha. Ine mtima unandiwawa, ndinapempha sabata imodzi yoti ndimuphunzitse galuyo.

Mnzanga wina wa ku noturno, sukulu yathu ya madzulo, anagwirapo ulonda ku Lichinga. Iye anati, "Galu amafuna manja awiri. Akalakwa, koka chingwe, umukalipire. Akamvera, mpatse kanthu pompo."

Ndinayamba. Bolasha akaika miyendo pathandala, ine "Sayi!" n'kukoka chingwe kuti achoke. Akatsika, kausipa kamodzi kochokera m'thumba mwanga. Tsiku lachitatu chingwe sichinafunikenso. Ndikangoti "Sayi!" iye pansi khale, kukamwa yasa.

"Koma bambo a Luziya," anatero mkazi wanga, "kale ankapita kuthandala kamodzi patsiku. Lero wapitako kakhumi."

"Ndiye kuphunzirako! Mwana wasukulu wakhama amabwereza."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndinaitana apongozi ndi aneba kuti adzaone mayeso. Ndinamasula galu, ine chifuwa patsogolo.

Bolasha anathamangira kuthandala, miyendo pamwamba. Nsomba sanaikhudze. Anangocheuka n'kundiyang'ana.

"Sayi!"

Anatsika, ndinamupatsa. Anthu m'manja phwaphwaphwa!

Asanameze n'komwe, anabwerera. "Sayi!" Kausipa. Anabwereranso. Posakhalitsa m'thumba mwanga munatsala mamba okha. Ndinaganiza zongokhala chete, mwina atopa.

Kutopa kuti? Anadumphira pathandala thupi lonse, n'kuima pakati pa usipa wa apongozi, n'kuyamba kundiuwa ngati ndaiwala ntchito yanga. Ataona kuti sindikuyankha, anadumphira pathandala la aneba.

"Sayi! Sayi!" mudzi wonse unakuwa.

Galu uja anasangalala ngati pa Khrisimasi. Aliyense wokuwa, iye ankatsika n'kukakhala patsogolo pake, kukamwa yasa. Pomaliza anakakhala pamapazi pa apongozi enieniwo, mchira ukusesa mchenga.

Apongozi anamuyang'ana galuyo, kenako ine.

"Akamwini, n'zoona, kuba wasiya. Kale ankatenga kausipa kamodzi mobisala. Tsopano akwera poyera, inu n'kumamuthokoza ndi manja anu."

Aneba anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinkangopenya kunyanja ngati kukubwera bwato langa.

Luziya yekha ndiye sanaseke. Anakumbatira galu wake m'khosi.

"Agogo, ndiye apitabe?"

Apongozi anatola kausipa kamene kanagwa pansi, n'kukaponya kutali ndi thandala, pansi pa mtengo wa mango. Bolasha anakatsatira.

"Azidyera uko, osati kuno. Sapita, mdzukulu wanga. Galu woti waphunzitsa munthu wa ku noturno sabata imodzi yokha, ndingampereke kwa anyani a ku Maniamba?"

Abale, musanamange galu chingwe, yambani mwaona kuti wagwira mnzake ndani.