Loboti ya Yamikani ndi Mbuzi Yanga

Mpaka lero akuchikazi kwa Yamikani akandiona amayamba kutsokomola pobisa phwete. Bola ndikuuzeni ndekha ena asanathirepo tsabola.

Yamikani ndi mwana wa achimwene anga, amaphunzira ku South Bend. Iye ndi anzake amapanga maloboti olowa m'nyanja kunsi kwa madzi oundana, kumathero a dziko uko. (Akuti amakayeza mmene ayisi akusungunukira chapansi. Ine ndimangovomera.)

Sabata ya chinkhoswe chake ndinanyamuka ku Indianapolis ndi mbuzi yathunthu yogula ku Lafayette Road, monga zakhali wodziwa udindo wake. Ndinafika kunyumba kwake mwiniwake ali kusukulu. Nditsegule firiji yaikulu ya m'galaja, ndikupeza chichitsulo chachikasu, chachitali ngati munsi, chagona pamalo pa nyama, kagetsi kali phethiphethi. Ana a masiku ano! Ndinachitulutsa, mbuzi n'kulowa. Kenaka chinayamba kutuluka thukuta, ine chisoni. Ndinachipukuta, kuchifunditsa chitenje, n'kuchigoneka pafupi ndi hita.

Yamikani atalowa anangogwira kumutu.

"Anti, mwatani? Ndikuitesta loboti imeneyo! Ikufunika kukhala pozizira sabata yonse osaigwira. Ikafeila apulofesa andisiya pa ulendo."

"Nanga kusukuluko kulibe firiji?"

"Yadzaza ndi za anzanga, Anti!"

Mwana misozi ili lengelenge. Ndinachita manyazi, abale. Loboti inabwerera mufiriji kukayambiranso, mbuzi n'kutuluka. Apa m'pamene ndinaonetsa nzeru za munthu wamkulu. Ndinati, "Usadandaule mwanawe, kunja konseku ndi firiji." Ndinakakwirira mbuzi mu sinowo kuseri kwa nyumba, n'kuvundikirapo beseni. (Ndinaikaponso mwala. Musandiyese wopusa.)

Kutacha, beseni lili uko, mapulasitiki ali mbwee, paliponse mapazi a tinyama takuno tija tamaso akuda ngati mbava. Tinyamato tinandisiyira mwendo umodzi, nawonso wolumaluma.

Pachinkhoswe alendo anadya pitsa. Ankhoswe akuchikazi, bambo aulemu wawo, suti ili pya, tchizi chikulendewera pachibwano, anandifunsa motsitsa mawu, "Mayi, paja pafoni munkati mbuzi?" Ine maso pansi.

Loboti inakhoza, Yamikani anapita pa ulendo uja. Ananditumizira kanema wa kunsi kwa ayisi kuja: mdima wokhawokha, kenaka kansomba kamodzi koyera, kosakwana ndi ndiwo za mwana zomwe. Kumunyadira ndimamunyadira, inde. Koma mbuzi yonse ija, kufera kansomba kameneko?