Ba Ketrina, Oneneza Anthu kwa Mulungu

Kuno ku Chinyunyu, ukafunsa munthu wa imvi za ba Ketrina, amayamba wacheuka asanayankhe, chonsecho mayiwo anagona kalekale. Anali akulu anga, mimba imodzi, ndipo wofuna kuwanena ayambe wadzera pakhomo panga tionane. Chimene ankadziwika nacho n'chakuti sankatukwana, sankamenya, ndipo kubwalo la milandu sankapondako. Ukawalakwira ankangoyala chitenje pomwepo, kugwada, n'kukuneneza kwa Mulungu mokweza. Ankatchula dzina lako, la atate ako ndi mudzi wako, kuopa kuti kumwamba angasokoneze n'kulanga wina.

Tsiku lina lole yopita ku Chipata inaponda tambala wawo pamsewu, pomwe tinkagulitsa nthochi. Dalaivala anaima patsogolo pang'ono kuti agule mbatata, osalabadira n'komwe. Pobwerera anapeza mayi atagwada patala, kutsogolo kwa matayala.

"Amai, chokani! Mufuna kufa?"

"Dzina lanu ndani, bambo? Ndifuna ndisalakwitse."

"Mulichite chiyani dzina langa?"

Ba Ketrina anatsinzina. "Ambuye, wakana dzina, koma mumuona. Lole yofiira, ndevu ngati tonde, akupita kum'mawa..."

"Awe, amai, imani!" Dalaivala anagwira kumutu. "Kutsogoloku kuli mapiri a Manenekela, ndipo mabuleki anga ndi a mwayi chabe!"

Anatsitsa thumba la anyezi, napepesa atavula chipewa. Ba Ketrina anatsinzinanso n'kunena kuti, "Ambuye, uja mumusiye kaye."

Ngakhale ba Mordecai, mkulu wa mpingo wathu, sanapulumuke. Iwo akangoti, "Mmodzi atitsogolere m'pemphero," anthu ankayamba kukumbukira zimene achita sabata yonse. Tsiku lina tinamva ba Ketrina akuti: "Ambuye, pali mbuzi zimene zatha chinangwa changa. Mwini wake ndi uyu watsinzina kwambiri kutsogoloyu." Ba Mordecai anatsegula diso limodzi. M'mawa mwake anamanga khola.

Koma iyi inali milandu ya m'mbali. Mlandu waukulu unali wa Bornface.

Bornface anakwatira Mailesi, mwana mmodzi yekhayo wa ba Ketrina. M'chaka cha chilala, 1992, chija tinkadya chimanga chachikasu, mwamunayo anagulitsa mbuzi zonse za pakhomo, n'kuthawira ku Lusaka ndi Dolly, mkazi wogulitsa mowa. Anasiya Mailesi ndi ana awiri, Abel ndi kakhanda, Towela. Towela sanaione mvula ya chaka chimenecho. Anakasambitsa kamwanako komaliza ndi ba Ketrina, ndi manja awo.

Kuyambira pamenepo, pemphero la m'mawa linali limodzi. "Ambuye, sindikukuphunzitsani ntchito. Koma mphezi muli nazo, njoka muli nazo, maminibasi a ku Lusaka muli nawo. Sankhani nokha." Ankadikira ngati mlimi wodikira mitambo. Basi ikaima, ankafunsa otsika ngati kutauni kwamveka maliro a munthu wa kuno.

Zaka zinapita, Mailesi anakwatiwanso ku Shikabeta. Ndiye tsiku lina Bornface anatsika basi. Dolly anali atamutaya, koma munthuyo anali atanenepa, khosi lopindika kawiri, nsapato zonyezimira. Ba Ketrina anagwada pakati pa nthochi.

"Ambuye, ndinati mumulange. Inu mwamudyetsa?"

Choipa koposa chinabwera Lamlungu. Bornface anaimirira m'tchalitchi, misozi ili mbwe, n'kunena kuti walapa, akufuna kulowa kalasi ya ubatizo. Azimayi ena opanda mutu analuluta. Ba Ketrina anatsatira ba Mordecai mpaka kunyumba kwawo.

"Ba Mordecai, mukamubatiza, machimo ake afufutika onse?"

"Onse, amai."

"Ndi mbuzi zomwe?"

"Ndi mbuzi zomwe."

"Ndi Towela?"

Ba Mordecai anayang'ana pansi. "Mulungu akakhululuka sasiya zina m'mbale, amai."

"Ndiye kuti ine, amene ndasesa tchalitchi chija kuyambira chili cha udzu, ndikafike kumwamba ndikapeze Bornface atakhala pabenchi? Akundipatsa moni?"

Pampingo pathu panali mwambo wakuti wolowa kalasi aliyense akhale ndi Mkhristu wakale womuyang'anira, ndipo tsiku la ubatizo ameneyo ndiye amachitira umboni. Akati ayi, madzi sagwa pamutu. Za Bornface aliyense anakana, poopa kunenezedwa naye pamodzi. Ba Mordecai, mwina chifukwa cha kutopa, mwina chifukwa cha nzeru, anati, "Muyang'anireni ndinu, amai. Pakamwa panu ndi pamene padzatsegule kapena kutseka."

Ba Ketrina anamwetulira. Mano amenewo tinali tisanawaone chiyambire chilala.

Tsono panali vuto limodzi. Mpongozi salankhulana maso ndi maso ndi mkamwini, ndipo upongozi sutha pamene pali mwana. Ba Ketrina mwambo ankausunga. Choncho chilichonse chinkadzera kumwamba. Bornface akafika pakhomo, onse awiri ankagwada motalikirana, mayiwo n'kuyamba:

"Ambuye, muuzeni munthu uyu kuti munda wa mwana wake Abel wamera thengo. Muuzeninso kuti khasu lili kuseri kwa nkhokwe. Ndipo ngati kulapa kwake kuli kwa pakamwa chabe, muumitseni lilime ngati chikopa. Ambuye, sindinamve Ameni."

"Ameni," ankayankha Bornface.

Munthu kuvomera Ameni pa pemphero lomuumitsa lilime! Anthu ankabwera kudzabisala kuseri kwa mpanda kuti amve.

Cholinga cha ba Ketrina chinali chimodzi: agwe, iwo aone, akanene. Anamutuma kuzira pansi m'tchalitchi, ntchito ya azimayi, atsikana akuseka pazenera. Anazira. Anamuika wokumba manda pa maliro alionse, ngakhale a anthu a mpingo wina. Anakumba. Kumapeto kwa mwezi, pamene ogulitsa makala alandira zawo ndipo bala ya mowa ili wiriwiri, ankamutuma kukagula mchere pasitolo yoyandikana ndi balayo, iwo atabisala kuseri kwa matumba a makala. Anzake akale ankamukuwira:

"Bornface, bwera unyowetseko kukhosi! Kamodzi chabe, apongozi ako sali pano!"

"Muwadziwa bwino imwe?" ankatero Bornface osacheuka. "Thumba lachitatu ilo lili ndi mpango."

Mchere unadzaza nyumba mpaka ba Ketrina anayamba kugawira anansi. Khosi la Bornface linaphwa, nsapato zinang'ambika, manja anachita zikang'a. Koma kugwa ayi. Madzulo ena ndinawapeza akulu anga akudandaula pakhonde: "Ambuye, mukumuthandiza. Ndakuonani. Mlandu ndinabweretsa ndine, Inu mwakhala mbali ya woimbidwa?"

Kutatsala masabata ochepa kuti ubatizo uchitike, Bornface anachita chimene sanatumidwe. Atagwada monga mwa masiku onse, anayamba ndi iye kupemphera.

"Ambuye, apempheni apongozi anga andionetse pamene anagona mwana wanga. Ndakumba manda a anthu onse, koma a Towela sindiwadziwa."

Ba Ketrina anatsegula maso. Kenaka anadzuka, kumanga chitenje, n'kuyamba kuyenda. Bornface anatsatira patali. Kumanda analoza ndi chibwano kamtumbira kakang'ono pansi pa mtengo wa msuku, n'kupita kukaima poteropo, kudikira kuti aone misozi yoonetsera anthu. Koma kunalibe anthu. Mwamunayo anagona chafufumimba pafumbi, osalira mokweza, osatchula Mulungu, kumangoti, "Ndine atate ako, ndine amene ndinathawa." Anazula udzu ndi manja mpaka dzuwa kupendeka.

Ba Ketrina anabwerera kunyumba atakwiya kuposa kale lonse. Tsiku limenelo sananeneze munthu. Ngakhale galu amene anaba mazira awo anapita waulere.

Tsiku la ubatizo abusa anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Rufunsa. Tchalitchi chinadzaza, ena a mipingo ina anathawa mapemphero awo. Itafika nthawi ya Bornface, abusa anafunsa:

"Amai Ketrina, munthu uyu mwamuona bwanji?"

Anaimirira. Liwu limodzi lokha, ayi, likanakwana. Akanatha kunena kuti anamununkhiza mowa, ndipo panalibe akanawatsutsa. Anaganiza za kamwana kopepuka ngati nkhuku m'manja mwawo. Koma munthu amene watha moyo wake wonse akuneneza anzake sanganame m'bwalo lomwelo, Woweruza akuyang'ana. Anakweza maso kudenga.

"Ambuye, Inu mukudziwa kuti ndinafunafuna..."

"Yankhani mpingo, amai," anatero abusa.

"Walapa."

"Kumbuyoko sanamve."

"Ndati walapa! Mufuna ndiimbe?"

Nthungululu zinabuka. Koma akulu anga anali asanathe. Madzi a ubatizo amatunga ndi azimayi, ndipo tsikulo anadzipereka ndi iwo. Anatulutsa ketulo yokulungidwa m'bulangeti ngati khanda, n'kuthira m'beseni. Nthunzi inakwera, fungo la mazira owola linadzaza kutsogolo konse. Anali atatunga pakamwa penipeni pa kasupe wathu wa madzi otentha, paja alendo amaphikirapo mazira. Abusa anaviika dzanja, n'kulitulutsa msanga akuliuzira.

"Amai, madzi awa ndi otani?"

"Ndi a Mulungu, abusa. Anawatenthetsa Yekha. Ine ndangonyamula."

Ba Mordecai anafuna kuthamangira ozizira, koma Bornface anati, "Asiyeni omwewo." Abusa anadikira pang'ono, n'kutapa mofulumira ngati wolanda mbatata pamoto. Bornface anatsinzina, mano gwa, khutu limodzi likufiira, osasuntha. Ba Ketrina anayang'anitsitsa mpaka dontho lomaliza, n'kukhala pansi. "Aone pang'ono kumene anali kupita," ananong'oneza kwa ine. Munthuyo ananunkha mazira mpaka Lachitatu.

Chitha ubatizowo, mayiwo anayamba kufooka, ngati kuti mkwiyo ndi umene unali msana wawo. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira ya 1998. Mailesi anabwera kudzawadwazika, ndipo nkhuni ndi madzi ankabweretsa Bornface, kuzisiya pakhomo osalowa. Masana ena, tonse tili m'nyumba, ba Ketrina anati amuitane. Bornface anagwada pakhomo, kudikira pemphero. Koma mayiwo sanatsinzine. Anamuyang'ana m'maso, mwambo wonse n'kuuika pambali.

"Atate ake a Towela, senderani kuno."

Bornface anakwawa ndi mawondo.

"Ine ndikupita. Kumeneko kamwana kaja kakandifunsa za atate ake. Ndikanene chiyani?"

"Mukanene zoona, amai."

"Ndikanena kuti akubwera m'mbuyo." Anatsokomola, n'kumugwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. "Ine sindinanamepo. Musakandisandutse wabodza pamaso pa mwana."

Anamwalira m'mawa mwake. Manda anakumba Bornface, ndipo sanalole wina kugwira fosholo.

Lero pamsewu pali phokoso lambiri kuposa kale, koma pali zii. Malole amaponda nkhuku n'kumapita. Ba Mordecai, asanatsatire nawonso, ankati akanena kuti mmodzi atitsogolere, ankadikira kanthawi, ngati pali wina amene wachedwa kuyamba. Mapemphero a masiku ano ndi aulemu, opanda dzina la munthu, moti ukhoza kugona bwinobwino mpaka Ameni.

Bornface wakalamba, ndiye amatsegula tchalitchi m'mawa. Akafika pa bala amawolokera tsidya lina la msewu, ngakhale pakubwera basi. Anyamata amamuseka: "Ba shikulu, mukuopa chani? Apongozi anu anafa!"

Iye amangopukusa mutu. "Ndiye poopsa pamenepo, ana inu. Kale ankachita kukuwa kuchokera pansi pano. Manje anapita okha, ali pakhutu penipeni."