Tilekeni ndi Usipa wa anaBanda

Lolemba

Tilekeni wabanso usipa pa thandala loyanikapo nsomba la anaBanda. Tilekeni ndi galu wanga, anaBanda ndi aneba athu a geni ya nsomba. Abwera m'mawa manja ali m'chiuno: "Achimwene, likafika Lamulungu galuyu asanasinthe, ndimuthirira tameki."

Sakuseka. Ndipo poizoni ameneyo sachedwa kupha. Galuyu ndinamutola mu ngalande maso asanatsegule, ndimamukonda, kuba kwakeko ndiye sindikudziwa anatengera ndani.

Ku loji kumene ndimagwira ntchito pa risepishoni, mlendo wina akuti kwawo agalu amapita kusukulu, mphunzitsi umangomupeza pa foni. Basi, nzeru yabwera! Ndipanga apu. Kakosi ka kompyuta kaja sindinachitire masewera ayi.

Zofunika:
- batani la eni agalu
- batani la aphunzitsi
- chithunzi cha galu wosangalala
- bandulo

Mkazi wanga akuti, "Osangogula tcheni bwanji?" Za tekinoloje iyeyu zimamudutsa.

Lachiwiri

Batani likhale lofiira kapena lobiriwira? Theka la tsiku lathera pamenepo.

Tilekeni sakufuna kukhala phee kuti ndimujambule. Chithunzi chokhacho chooneka bwino ali ndi usipa kukamwa. Ndayesa kuufufuta, wafufutika ndi mphuno yomwe.

Ndaika malo olemba mtundu wa galu. Poyesa ndafunsa alonda athu, amene ali ndi galu kwawo. "Mtundu wake? Ndi galu."

Magetsi athima. Kodi ndinasunga zomwe ndapanga? Ndikuganiza kuti ndinasunga. Koma kuti?

Lachitatu

Apu ikutseguka! Ikafuna.

Ndapita ku Khombedza kukasaka aphunzitsi. Pa msika bambo wina wogulitsa matemba akuti, "Galu aphunzire, kenako akalembe mayeso?" Anthu aseka mpaka wina wataya chenje. Ndafotokoza bwinobwino, aseka kwambiri.

Olembetsa mpaka pano:
- ine, ngati mwini galu
- ine, poyesa batani la aphunzitsi
- alamu anga, amene aikapo njinga yogulitsa

Madzulo foni yalira: mphunzitsi wapezeka pafupi nanu! Ndathamangira panja, kulibe munthu. Ndaimba nambalayo, ikuti ili bize. Kuyang'anitsitsa, ndi nambala yanga.

Tilekeni wabwera akunyambita milomo. Sindinamufunse.

Lachinayi

Mphunzitsi weniweni wafika! A Chikopa, mlenje wa ku Maganga, pa njinga. Apu sanaionepo, foni yawo ndi ya mabatani. Anamva kwa wakabaza, amene anamva kwa bambo wa matemba uja. Ndiye kuti apu yagwira ntchito kapena ayi? Ine ndikuti yagwira.

Amutsegula Tilekeni kukamwa, amukoka mchira, amugwira nthiti. "Galu wabwino uyu, koma mwamulera ngati mwana wa abusa. Ndisiyireni mpaka Loweruka."

Ndawauza kuti ine ndikufuna khalidwe. Akuti ndisade nkhawa, akabwera mudzi wonse udzamupatsa ulemu. Mawu abwino kwambiri, ndawalemba pamwamba pa apu.

Zomwe amaphunzitsa sindinafunse, ndinali kalikiliki kuwalembetsa. Pofika pa malo a imelo, Tilekeni amukweza kale mu dengu, ulendo.

Lachisanu

Pakhomo pali zii. AnaBanda andipatsa moni koyamba sabata ino, komabe awonjezera kuti, "Lamulungu ndi mkuja."

Ndikuika nyenyezi zoti anthu azipereka kwa aphunzitsi. Zikutuluka mozondoka. Ndikazikonza, njinga ya alamu ikukula.

Ndaimbira a Chikopa. Akuti mwana wasukulu akupita patsogolo, wathamangitsa kale anyani m'munda wa chinangwa. "Phala la tsabola wamwa, mavu ndamusinjira dzulo."

Mavu?

Netiweki yaduka. Mavu a chiyani? Kodi ndi chakudya, kapena ndi phunziro? Ndiike batani lake? Mkazi wanga wangoti, "Mmm," n'kupitiriza kusenda mbatata.

Loweruka

Tilekeni wabwera. Maso psuu, mchira uli njo, kuyenda kwake kwa msilikali.

Ndamuuza kuti akhale pansi. Wandiyang'ana ngati ndamutukwana. A Chikopa akuti zokhala pansizo iwo sazidziwa. "Kuphunzitsa galu n'kumukalipitsa, bwana. Mukafuna wofatsa gulani mbuzi."

Mayo ine! Bwanji sindinafunse?

Zomwe wachita lisanafike dzuwa pamutu:
- wakweza wakabaza mu mtengo wa mango
- wang'amba dengu lomwe anabweramo
- wauwa wailesi mpaka ndazimitsa

Kenako liwiro, molunjika ku thandala. Ndatseka maso. Potsegula, fumbi lokhalokha: amphaka, akhwangwala, agalu ena a m'mudzi, onse akuthawa. Kani akuba analipo ambiri chonchi? Tilekeni watapa usipa wodzaza kukamwa, wadya mosathamanga, wagona pansi pa thandala ngati anakhoma ndi iye.

AnaBanda aona zonse. Ndipo Lamulungu ndi mawa.

Ndagula tcheni. Mkazi wanga wachiyang'ana, wandiyang'ana, walowa m'nyumba. Tilekeni wachivula ndisanamalize kumanga mfundo.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Pemphero langa linali la galu, Ambuye andikhululukire.

Potuluka ku tchalitchi ndikuona anaBanda anyamula mbale, akupita ku thandala. Tameki uja! Ndathamanga ndi jekete, Baibulo m'khwapa, ndikukuwa kuti andidikire, ndilipira usipa wonse.

M'mbale muli mitu ya nsomba basi.

"Tameki wa chiyani, achimwene? Kudyetsa wakuba mmodzi n'kwabwino kusiyana ndi a mudzi wonse. Kuyambira dzulo palibe chafika pano. Uyu musiyeni, wapeza ntchito."

Ndamuitana Tilekeni. Ndaimba kalikhweru kathu kaja. Wadzuka, waima pakati pa ine ndi usipa, wandionetsa mano. Ine, amene ndinamumwetsa mkaka ndi supuni!

Ali moyo, ndikuthokoza. Koma zikupweteka, ndisaname.

Tcheni mkazi wanga wayanikapo zovala. Njinga ya alamu yagulidwa, akuti apu yanga ndi yabwino zedi.

Madzulo foni yalira. Apu ikundifunsa funso lomwe ndinalemba ndekha Lachiwiri: kodi galu wanu wasintha? Pansi pali mabatani awiri.

Ndadina Inde.