Tsiku limene ndinamanga katemera ndi legeni

Mkono wanga wamanzere ulipo mpaka lero, koma si chifukwa cha nzeru zanga.

Nthawi ya korona ndinkagwira ntchito pafamu ina ya nkhuku ku Kanakantapa. Abwana analengeza kuti wosabayitsa katemera asadzaponde pageti. Ine amene ndinkadontheza katemera m'maso mwa anapiye osawafunsa maganizo, ndinasiya kudya. Ntchito ndinkaifuna, komanso ndinali nditamva kuti jekeseni imeneyi ikafika pamtima munthu amazima ngati kandulo.

Mlamu wanga, wokonza njinga, ndiye anandilimbitsa mtima.

"Mulamu, njoka ikakuluma umachita bwanji? Umamanga. Lekani abaye, imwe mumange pamwamba. Poizoni izakhala pamene apo mpaka itope."

Anandipatsa legeni, mphira wa chubu cha njinga, wautali wokwana kumangira mbuzi.

Kukiliniki ku Chongwe anesi anandibaya ndisanamalize pemphero. Atatiuza kuti tikhale pabenchi kaye, ine ndinazembera kuchimbudzi, n'kudzimanga m'khwapa ndi dzanja limodzi ndi mano. (Yeserani kunyumba, muone ngati mano anu ndi anu.) Ndinavala jekete, ulendo kukakwera minibasi.

Tisanatuluke m'boma, zala zinayamba kunyerenyetsa. Titafika pamsewu wafumbi zinali zitatupa ngati mbatata, ndikulumbira, chala chachikulu chinkafuna mpando wakewake. Ndinadzitsina, osamva kanthu. Za legeni sindinaziganizire n'komwe. Ndinangoti poizoni wapeza njira ina.

"Ba kondakita," ndinatero ndi mawu aulemu a munthu wopita, "mukauze akazi anga kuti nyeleti ya katemera yanipha."

Mayi amene ndinakhala nawo anayang'ana dzanjalo, n'kukuwa. Wina kumbuyo anayambitsa nyimbo ya maliro, ndipo anaiyamba bwino. Dalaivala anati m'galimoto mwake simufera munthu, anatembenuza, basi yonse kubwerera kukiliniki.

Anthu amene anali pamzere ataona akunditsitsa ngati thumba la feteleza, theka anathawa. Agogo ena anasiya ndodo.

Anesi aja anandivula jekete. Anayang'ana legeni, anayang'ana ine.

"Atate, ichi n'chani?"

"N'chitetezo, ba sista."

Anadula ndi sizasi. Magazi atabwerera ndinalira mokweza kuposa pobadwa (amayi anga analipo pobadwapo, ndipo avomereza).

"Katemera si njoka," anatero akundisisita zala. "Amaonetsa chabe thupi nkhope ya matenda, kuti asilikali a m'thupi akazaiona aizindikire. Manje asilikali ena ankhala mukhwapa, pamene imwe mwamanga. Mukanafika nayo kunyumba iyi mphira, sembe tikamba zodula kwanja."

Kenako anandiimika pakhomo, wopanda malaya, kuti ndizigwedeza zala mpaka onse othawa abwerere pamzere. Ndinagwedeza. Ena ankabwera pafupi kudzandigwira kuti atsimikize kuti ndine wofunda. Agogo aja anatola ndodo yawo n'kundiloza nayo: "Uyu ni wamoyo, koma mutu ndiye unafa kale."

Pageti la pafamu anandilola kulowa, ngakhale nkhani inali itafika kale ine ndisanafike. Tsiku la jekeseni yachiwiri ndinapita wopanda legeni, monga munthu wophunzira. Pobwerera ndinangoyenda pang'onopang'ono, mkono uli lende osaugwedeza, kuti mankhwala akwere mwaulemu. Munthu sataya nzeru zake zonse tsiku limodzi.