Zipewa Ziwiri za Che Hamadi

Aliyense wa kuno ku Domasi amene anamera mano ufulu usanabwere akudziwa kuti Che Hamadi ankayenda ndi zipewa ziwiri, china kumutu china m'thumba la jekete. Mzuli woyera wa Chisilamu unali wa unduna, poti anali nduna ya amfumu athu. Chipewa chakuda chinali cha ukhansala, poti titangolandira ufulu tinawasankha kuti azikatiyankhulira kukhonsolo. Ndipo nduna ndi khansalayo, abale inu, sankamwerana madzi.

Ine ndinkakonza njinga pa Songani, ndiye ankakonda kukhala pabenchi panga. Tsiku lina ndinawadandaulira za mlatho wathu wamitengo umene unakokoloka.

Anavala chipewa. "Khonsolo ilibe mlandu. Mudzi wanu ndi waulesi, sunadule mitengo."

Anavula, navala mzuli. "Iwe khansala, usatitukwane! Misomali unalonjeza ija ili kuti?"

Chipewa: "Ikubwera."

Mzuli: "Ikubwera wapansi kuchokera ku Ulaya?"

Anthu anaunjikana, mayi wina mpaka anagwetsa lichero la tomato ndi phwete. Ine ndinaiwala chubu m'madzi.

Ukafuna kuwapatsa moni unkayamba wayang'ana kumutu. Mkulu wina analakwitsa, napempha munda kwa chipewa. Anamuuza kuti zaminda ndi za kwa amfumu, adikire nduna. Kenako Che Hamadi anazungulira kuseri kwa mtengo wa mango, natulukira atavala mzuli. "Pepani mwadikira. Khansala uja wakulandirani bwino? Ndi wamwano ameneyo, musamutengere."

Tinkaseka, koma ine ndinkadziwa gwero lake. Mikanganoyi inayamba atamwalira akazi awo, mayi Alima. Ana analibe. Munthu wozolowera kukangana ndi mkazi wake moyo wonse, nyumba ikangoti zii, angatani?

Ndiye kunabwera nkhani ya msewu wonyamulira mpunga. Chipewa chinavomereza kukhonsolo ndi manja awiri, osafunsa podzera. Kapitawo wa msewu, a Rashidi, atakhoma zikhomo zake, zinaloza tswii kumanda, chimodzi chili pamutu penipeni pa mayi Alima. Tsono kwathu kuno manda ndi a amfumu, sudula ngakhale kamtengo iwo asanalole. Mudzi wonse unathamangira kumeneko, ena kukaletsa, ambirife kukaonera nkhondo ya zipewa.

"Koma akhansala, si inu munavomereza?" anatero a Rashidi.

Che Hamadi anavula chipewa. Tinadikira mzuli. Anautulutsa m'thumba, nauyang'ana, osauvala. Ha! Tsiku limenelo ndi limene tinadziwa kuti anali ndi dazi. Palibe anaseka.

"Lero khansala kulibe, nduna kulibenso," anatero motsitsa. "Ndabwera ine mwamuna wa Alima. Malori akamadutsa pamwamba pake, ine ndizikacheza ndi ndani?"

Amfumu athu anali munthu wofatsa, wokonda kusinza pamilandu. Anakhosomola nati, "A Rashidi, anthu athu onse awiri ajomba. Tatsala inu ndi ine. Msewu ndi wa boma, manda ndi anga. Kodi msewu ukapinda umathyoka?"

A Rashidi anayang'ana dazi lija, nazula chikhomo okha.

Che Hamadi anatisiya mu 1974, ndipo tinawagoneka pambali pa mayi Alima. Lero khansala ndi munthu wina, nduna ndi winanso. Akasemphana amakwiya zenizeni, sapatsana ndi moni, ndipo mlatho uja unapitanso ndi madzi. Benchi langa lilipo, koma okhalapo amangofunsa ngati njinga yatha. Ndimawasowa nkhalamba aja, ndithu ndimawasowa.

Msewu unapinda ngati chigongono pamandapo, ndipo madalaivala amatukwana amene anaupinda. Ndikamapita kunyumba madzulo ndimatsika njinga pamenepo kuti ndipereke moni. Ndiye ndimangoima kukamwa yasa, poti sindidziwa kuti Che Hamadi avala chipewa chiti.